Achimwene anga odwala muubongo akufuna kusiya fodya koma anesi akuti tisawavute, nanga titani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Bembeke ku Dedza, ndalifupikitsa pang'ono:

"Achimwene anga ali ndi zaka 34, anadwala mutu mpaka anakagonako ku Zomba, koma pano ali bwino, amamwa chlorpromazine usiku komanso amabayitsa jakisoni wa pamwezi. Vuto ndi fodya. Amayamba kusuta kukangocha, ndudu ikasowa amapichira chingambwe, pano akutsokomola usiku wonse. Eni akewo anena okha kuti akufuna kusiya. Titawauza anesi kumene timatenga mankhwala anati tisawavute, fodyayo ndi amene amawakhazika mtima pansi, akasiya matenda ayambiranso. Kodi ndi zoona? Nanga ngati achipatala sakufuna kutithandiza ife tipange bwanji?"

Yankho:

Achemwali, zikomo pofunsa, ndipo mwachita bwino osangovomera n'kukhala phee. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo kenako ndifotokoze bwino bwino. Ayi, si zoona kuti munthu amene matenda ake a muubongo anakhazikika ngati achimwene anuwo akasiya fodya ndiye kuti matenda adzuka. Chimene chili choona n'chakuti akasiya kusuta, mankhwala amene akumwawo amatha kuyamba kugwira mwamphamvu kuposa kale, nde chimenecho ndi chifukwa choti achipatala akhale nawo pafupi pa nkhaniyi, osati chowabwezera kunyumba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya odwala muubongo ndipo mawu amene anakuuzani anesiwo ndimawamva kawirikawiri kwa anzanga, anthu abwino bwino okonda odwala awo, choncho musawatenge ngati oipa mtima. Koma pamenepa sanalondole.

Tisanapite patali, chifuwacho kaye. Ngati chadutsa masabata 2 apite akayezetse makhololo mawa lomwe kapena mkucha, musadikire tsiku la jakisoni ayi, kuyezetsa TB m'chipatala cha boma ndi ulere ndipo mankhwala akenso ndi aulere. Munthu wosuta TB imamugwira mosavuta, pafupifupi kawiri kuposa wosasuta, ndipo choipa kwambiri n'choti aliyense pakhomo amangoti aaa chimenecho ndi chifuwa cha fodya, miyezi n'kumapita munthu akuonda, ana akugona naye nyumba imodzi. Mukaona thukuta la usiku, kutentha thupi, kuonda kapena timagazi m'makhololo ndiye musachedwe n'komwe. Akawapeza nayo muwauze a TB kuti amamwa mankhwala a muubongo, poti ena mwa mankhwala a TB amafooketsa a muubongowo.

Tsopano funso limene likukusowetsani mtendere, zimatheka bwanji munthu wophunzira za umoyo, wodziwa bwino lomwe kuti fodya amapha, n'kuuza wodwala kuti zisutani? Si kuno kokha ayi. Mu 2016 akatswiri a ku London anasonkhanitsa makafukufuku 38 okhudza maganizo a anthu ogwira ntchito yosamalira odwala muubongo, onse pamodzi anthu oposa 16,000, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka ankakhulupirira kuti odwala awo alibe nazo ntchito zosiya fodya, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ankati kusiya fodya ndi katundu wolemera kwambiri kwa munthu amene akudwala kale. Ambiri mwa amenewo ndi a maiko olemera, okhala ndi chilichonse m'kabati. Chonsecho ukawafunsa odwala eni ake, ambiri amafuna kusiya chimodzimodzi ndi osuta ena onse. Kungoti safunsidwa. Achimwene anu anachita kunena okha, nde mwayi umenewo si wotaya.

Kwathu kuno pamaonjezereka zina. Inu mukudziwa mmene tsiku la kiliniki limakhalira, pabenchi podzadza kuyambira m'mamawa, a khunyu omwemo, ovutika maganizo omwemo, ena achita kuyenda wapansi kuchoka kumapiri, ena akwera kabaza ndi ndalama yobwereka, nesi ali yekha. Aliyense apeza timphindi tiwiri titatu, mukugona bwanji, mukumvabe mawu, mankhwala mukumwa, walemba m'kabuku, wotsatira. Mwezi wina mankhwala enieniwo kulibe ndiye mutu wonse wa nesi uli poganiza kuti awa ndiwapatsa chani m'malo mwake. Mu zimenezo nkhani ya fodya imaoneka ngati yaing'ono. Komanso kusukulu timaphunzira kwambiri za kuzindikira matenda ndi milingo ya mankhwala, za mmene ungamuthandizire munthu kusiya kusuta zimangodutsidwa pamwamba, nde munthu amachita mphwayi kuyambitsa nkhani imene sakudziwa kuti aimaliza bwanji, makamaka poti m'kabati mulibe choti angapereke. Ena mwa ogwira ntchitowo amasutanso okha. Ndipo tisanamizane, dziko lathu fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zochuluka, ambirife fizi yathu inachokera ku okushoni ku Kanengo, ndiye kulankhula motsutsa fodya ambiri kumawavuta pakamwa. Malawi analowa m'pangano la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta fodya mu 2023 pamene panganolo linayamba kugwira ntchito kale kale mu 2005. Koma kulima ndi kwina kusuta ndi kwina, ndipo gawo 14 la pangano lomwelo limanena kuti boma lizithandiza anthu ofuna kusiya, choncho zimene munapemphazo si zachilendo, ndi zoyenera.

Pali mantha enanso amene ndimawamvetsa. Aliyense amene anaonapo wodwala atayambiranso, atamangidwa zingwe m'manja, abale akulira, safuna kukhudza chilichonse pa munthu amene wakhazikika. Amangoti poti ali bwino, zisiyeni momwemo. Kenako pali chifundo, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri ine. Umamva munthu akuti uyu ntchito inatha, banja linatha, anzake anamuthawa, chomusangalatsa chatsala ndi kafodya kameneka, timulandenso? Zimamveka ngati chikondi eti, koma mukazilingalira bwino mawu amenewa akunena kuti moyo wa munthu ameneyu olo ufupike palibe kanthu. WHO imanena kuti anthu odwala matenda aakulu a muubongo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo ambiri sikuti amafa ndi matenda a muubongowo ayi, amafa ndi mtima, mapapo, sitiroko, shuga, TB, khansa, matenda amene fodya amawakolezera. Timalimbana zaka ndi zaka kuti munthu asiye kumva mawu m'makutu, zatheka, wabwerera kumunda, kenako tikukamuika m'manda ali ndi zaka 50 chifukwa cha mapapo amene palibe anawafunsapo. Ndikamapereka moni kwa odwala ndimayang'ana zala, ambiri chala chachikulu ndi chamkombaphala zinachita kupsa n'kuda bii chifukwa amasuta mpaka kachidutswa komaliza, ena fodyayo amapichira pa pepala la kope ya mwana wasukulu kapena la nyuzi, inki ndi zonse kulowa m'chifuwa. Munthu wotero sungamuuze kuti fodya ndi mankhwala ake.

Nanga zoti fodya amakhazika mtima pansi zija? Achimwene anu akakuuzani kuti ndikasuta ndimamva bwino sakunama, koma tione chimene chikuchitika. Mu fodya muli nikotini, munthu akakoka utsi imafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20, koma sichedwanso kutha, pakangodutsa maola 2 theka lake lachoka kale m'magazi. Ikamatsika thupi limayamba kuifuna, munthu amakwiya msanga, sakhazikika, mutu sugwira, chimene timati chibaba chija. Akasuta chibabacho chimazima n'kumva ngati mtima wakhala pansi. Ndiye mtendere umene akumvawo ndi wongozimitsa vuto limene fodya yemweyo wayambitsa, ndipo pakapita ola limodzi awiri layambiranso, tsiku lonse kukwera kutsika kukwera kutsika. Kwa munthu amene ali kale ndi vuto la nkhawa zimenezi si mpumulo.

Zimenezi zinafufuzidwa ndithu. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa zotsatira za makafukufuku 26 ophatikiza, ndipo anapeza kuti anthu amene anasiya fodya, patadutsa masabata 6 kupita m'tsogolo, nkhawa ndi kukhumudwa zinali zitachepa poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta, ndipo zinali choncho kwa odwala muubongo ndi kwa osadwala omwe. Mu 2021 bungwe lounika makafukufuku a za umoyo la Cochrane linabwerezanso ndi makafukufuku 102, zotsatira n'kuloza komweko, kusiya sikuononga maganizo. Ndipo zipatala zina za odwala muubongo ku London zitaletseratu kusuta, ogwira ntchito ambiri ankaopa kuti odwala ayamba ndewu, koma kafukufuku wa 2017 anaonetsa kuti kumenyana m'mawodi kunatsika ndi 39 peresenti. Zimamveka ndithu, poti ndewu zina m'wodi zimayambira pa kulimbirana ndudu ndi machesi.

Tsopano mvetserani bwino apa chifukwa ndi pamene pali nkhani yeniyeni yachipatala, ndipo ndi pamene anesi aja akanayenera kuima. Mankhwala amene timamwa ambiri amakaphwanyidwa m'chiwindi kenako n'kutuluka m'thupi. Chiwindi chitengeni ngati chigayo, utsi wa fodya umachititsa kuti chigayocho chizithamanga kwambiri pogaya mankhwala ena, ndiye wosuta akamwa mapilitsi ake ena amagayidwa n'kutayika asanagwire ntchito mokwanira. Pa chifukwa chimenechi osuta kwambiri nthawi zambiri amakhala pa mlingo wokwera kuposa osasuta. Akasiya kusuta chigayo chimabwerera pa liwiro lake m'masiku ochepa chabe, pafupifupi sabata imodzi, ndiye mapilitsi omwe aja, mlingo womwe uja, m'magazi mankhwala achuluka. Zimenezi zimaoneka kwambiri pa mankhwala a muubongo a clozapine ndi olanzapine, pa clozapine mpaka zimatha kukhala zoopsa, koma zimachitikanso pang'ono pa chlorpromazine amene achimwene anu akumwa, pa haloperidol, pa fluphenazine amene ndi jakisoni wa pamwezi amene ambiri amabayitsa kuno, ngakhalenso pa amitriptyline. Koma risperidone sakhudzidwa kwenikweni. Ndipo chimene chimachita zimenezi si nikotini ayi, ndi tinthu tina timene timapangika fodya akamapsa, nde chingambwe kaya ndudu ya m'paketi n'chimodzimodzi.

Zizindikiro zoti mankhwala achuluka ndi izi, kugona kwambiri mpaka dzuwa kukwera, kuwodzera masana, chizungulire akadzuka pampando, manja kunjenjemera, thupi kuuma n'kumayenda mokakamira, dovu kuchucha, kudzimbidwa, ena miyendo imakana kukhala malo amodzi n'kumangoyendayenda. Abale osadziwa akaona zimenezi amati mwaona, anesi ananena, wasiya fodya wayambiranso kudwala, n'kuthamanga kukamugulira ndudu, chonsecho chimafunika ndi kungouona mlingo wa mankhwala basi. Ndipo taonani ubwino wake, anthu ena akasiya fodya dokotala amatha kuwatsitsira mlingo n'kumakhala bwino ndi mapilitsi ochepa. Koma chonde, kutsitsako achite ndi achipatala, osati inu kunyumba kumadula mapilitsi pakati, zimenezo ndiye zimadzutsa matenda zenizeni. Tiyi wowawa kwambiri ndi khofi nazonso zimachita chimodzimodzi, wosiya fodya akamamwa mmene ankamwera kale tulo timasowa mtima n'kumathamanga, ndiye masabata oyambawo achepetse masamba, madzulo asamwe.

Muwafunsenso achimwene anu mofatsa kuti kodi fodyayo amawathandiza chani kwenikweni. Ena amayankha kuti mankhwala amandilemetsa mutu m'mawa, ndikasuta ndi pamene ndimadzuka. Yankho lotero ndi lofunika kwambiri likafike kuchipatala, chifukwa likutanthauza kuti munthuyo akusuta pothawa mavuto a mankhwala, ndipo amenewo ali ndi njira zake, kusintha nthawi yomwera, kuona mlingo, pena kusintha mtundu. Ena amati ndimasowa chochita, tsiku limatalika. Amenewonso yankho lake ndi lina.

Pali nthawi imene ndingagwirizane nawo anesi aja. Munthu akakhala kuti matenda amugwira kumene, sakugona, akumva mawu, akuthawathawa, kapena wangotuluka kumene m'chipatala mankhwala akusinthidwabe, imeneyo si nthawi yomuumiriza kusiya fodya, choyamba akhazikike. Koma kumeneko ndi kudikira masabata kapena miyezi ingapo, osati moyo wonse. Achimwene anu mwati ali bwino ndipo akufuna okha, nde palibe chodikira.

Ndiye mubwerere kuchipatala, ndipo ulendo uno nkhaniyi ayambitse ndi eni akewo inu mungokhala pambali, chifukwa wachibale akamalankhula yekha nesi amaganiza kuti mwina mukungowakakamiza. Asakafunse kuti kodi ndisiye, akanene kuti ndaganiza zosiya fodya pa tsiku lakuti, ndimasuta ndudu zingapo zakuti patsiku, ndamva kuti kusiya kumasintha mphamvu ya mankhwala anga, ndikupempha mulembe m'kabuku kanga ndipo mundipatse tsiku lobweranso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri osati mwezi. Mawu amenewa amasintha zinthu chifukwa tsopano simukupempha nesi kuti achite zimene alibe, mukumupempha ntchito yake yeniyeni yoyang'anira mankhwala. Akuyezeninso BP ndi sikelo tsiku lomwelo kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Ngati mumatengera mankhwala ku helefu senta ndipo mwaona kuti sizikumveka, pemphani mwaulemu kuti mukaonane ndi kiliniko ofesa kapena nesi amene anaphunzira za matenda a muubongo ku chipatala chachikulu pa boma, palibe cholakwa pamenepo ndipo simukumunenera munthu. Kwa anzanga a ntchito amene muwerenge izi, malangizo a WHO a 2024 akuti ngakhale uphungu wa masekondi 30 mpaka mphindi 3 umathandiza, kufunsa ngati munthu amasuta, kumuuza mosapita m'mbali kuti kusiya kumuthandiza, n'kumupatsa tsiku lobweranso. Mzere utalike bwanji, zimenezo zimakwanamo.

Za mankhwala othandiza kusiya fodya, alipo. Pali nikotini wa m'chingamu ndi wa tizigamba tomata pakhungu, amene amaziziritsa chibaba popanda utsi, pali varenicline, bupropion ndi cytisine. Kale anthu ankaopa kuti varenicline ndi bupropion amasokoneza mutu, koma kafukufuku wamkulu wotchedwa EAGLES wa 2016, wa anthu oposa 8,000 m'maiko 16, theka la iwo odwala muubongo amene anali atakhazikika, sanapeze kuti mankhwalawa amaonjezera kwenikweni mavuto aakulu a maganizo poyerekeza ndi zigamba za nikotini kapena mapilitsi opanda mankhwala, ndipo varenicline ndi amene anathandiza anthu ambiri kusiya. Vuto n'lakuti m'zipatala zathu za boma sapezekapezeka, amene angakwanitse amakafunsa m'mafamase a m'tauni ngati ku Lilongwe ndipo mtengo wake si wamasewera. Mukaganiza zogula muyambe mwafunsa amene amawaona achimwene anu. Bupropion makamaka, munthu wa khunyu kapena amene anakomokapo asayerekeze, amadzutsa kugwa. Ndipo mukagwiritsa ntchito chingamu kapena zigamba, nkhani ya chiwindi ija ikhalapobe poti utsi wasiya. Musamvere za anthu oti asinthire ku fodya wofwenkha kapena woika mkamwa, nikotini ndi yomweyo chibaba sichitha, ndipo ameneyonso amabweretsa matenda ake mkamwa ndi pakhosi.

Koma musagwe ulesi poti mankhwalawo mulibe, anthu ambiri amene anasiya fodya m'midzi mwathumu anasiya opanda piritsi lililonse. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kukhala ndi munthu woyenda nawe. Ku UK anayesa zimenezi pa odwala matenda aakulu a muubongo 526, ena anapatsidwa wachipatala wa za muubongo wowayendera pafupipafupi pa nkhani ya fodya yokha, ena anangouzidwa kuti apite kumene aliyense amapita. Patatha miyezi 6, mwa oyenderedwa aja 14 mwa 100 aliwonse anali atasiya, mwa enawo 6 okha. Manambalawo akuonetsa kuti si zophweka, komanso kuti wachipatala akaikapo mtima zimasintha.

Kunyumba ndiye kuli ntchito yanu. Sankhani limodzi tsiku la m'masabata awiri akubwerawa, lisakhale la pa maliro, pa chinkhoswe kapena nthawi imene pakhomo pali mikangano. Poti achimwene anu amasuta kwambiri, akhoza kuyamba ndi kuchepetsa, ndudu yoyamba ya m'mawa aziichedwetsa tsiku ndi tsiku, asamasutire m'nyumba, mpaka tsiku losiyiratulo lifike, koma tsikulo likhalepo ndithu, kuchepetsa kopanda mathero kumangobwerera pakale. Usiku woti mawa ndi tsikulo chingambwe chonse, mapepala ndi machesi zichoke m'thumba ndi kumutu kwa mphasa. Muone nthawi zimene amakonda kusuta, ambiri ndi podzuka, akangotha kudya nsima, ndi pa bawo kapena pa okala pamene anzawo akugawana ndudu imodzi imodzi. Kwanuko ku Bembeke ndi kuzizira kwa June ndi July kuja anthu amati fodya amatenthetsa thupi, si zoona, amachita kufinya mitsempha zala n'kuzizira kwambiri, bola phala lotentha ndi jekete. Chibaba chikabwera chimakwera n'kutsika chokha pakadutsa mphindi zochepa, chinsinsi ndi kukhala ndi chochita pa mphindi zimenezozo, kumwa madzi pang'ono pang'ono, kutuluka panja kukazungulira, kukukuta chimanga chokazinga kapena mtedza, kupita kudimba. Maswiti ndi zakumwa za shuga musazolowetse chifukwa mankhwala awowo amanenepetsa kale ndipo wosiya fodya njala imachuluka. Ntchito ya manja imathandiza kuposa china chilichonse, munda wa kachewere, kuweta nkhuku, chilichonse choti tsiku likhale ndi mutu wake, poti munthu wongokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo fodya sangamusiye.

Ndipo pali chizolowezi china chimene ndimachiona m'mabanja ambiri, muchiunike ngati chilipo kwanu. Wodwala akatunga madzi kapena kuwaza nkhuni malipiro ake ndi ndudu, akayamba kuvuta amapatsidwa kandalama kuti akagule fodya akhale phee, ena mpaka pa ganyu eni munda amamulipira fodya m'malo mwa ndalama poti akuti ndi wodwala. Ngakhale pamzere wa kiliniki penipeni umaona gadiyani akutulutsa ndudu m'kansalu kuti m'bale wake adikire mofatsa. Zimenezi zithe, ndipo muwauze onse a pakhomo, alamu, amalume, anzawo a pa bawo, kuti asawapatse olo atapempha. Ngati pali wina wosuta pakhomopo asamasutire pamaso pawo, akanasiyira limodzi zikanakhala bwino kwambiri. Ndalama imene inkapita ku fodya aziisunga okha poonekera, pakutha pa mwezi agule chinthu chawo chogwirika. Kachasu ndi chamba ndiye adani enieni, mowa umagwetsa anthu ambiri amene anasiya fodya, ndipo chamba ndi chimene chimadzutsadi matenda ngati awowa, nde ngati amasakaniza mu chingambwemo muwauze achipatala mosabisa.

Muyembekezere kuti sabata yoyamba ikhala yowawa, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Adzakhala okwiyakwiya, tulo tovuta, osakhazikika, mwina okhumudwa pang'ono, chifuwa pena chimayamba chaonjezera poti mapapo akudziyeretsa. Zimenezi zimachitikira wosuta aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndipo zimazilala m'masabata 2 mpaka 4. Akakuyankhani mokalipa musafulumire kunena kuti mwayambiranso misala yanu ija, mawu amenewo amapweteka ndipo amamubwezera munthu ku fodya tsiku lomwelo. Kuyambiranso kwa matenda kumaoneka mwina, inu mukukudziwa poti munakuonapo, kumva mawu, kulankhula okha, kukayikira anthu kuti akufuna kuwapha kapena kuwathirira mankhwala m'chakudya, kukhala masiku angapo osagona koma osatopa, kusiya kusamba, kukana mapilitsi. Mukaona zimenezo, kapena akayamba kulankhula zoti bola kufa, kapena akakomoka, kutentha thupi kwambiri thupi litauma gwa, musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Akapunthwa n'kusutako imodzi musawakalipire kapena kuwachititsa manyazi pagulu, osuta ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu ndipo odwala muubongo nthawi zambiri amafunika nthawi yotalikirapo. Muwafunse kuti chinachitika n'chani, anali ndi ndani, kenako apitirize kusiya kuyambira pomwepo osadikira chaka chatsopano. Koma ngati abwereradi kusuta tsiku ndi tsiku pamene achipatala anali atawatsitsira kale mlingo wa mankhwala, mukawauze sabata yomweyo osabisa chifukwa cha manyazi, poti utsi uyambanso kuthamangitsa chiwindi, mankhwala achepa m'magazi, ndipo pamenepo mpamene matenda angadzukedi ngati mlingo sunabwezeretsedwe.